Boma linataya midzi lisanataye Zomba: zaka zomaliza za atsamunda ku Nyasaland

Pa 3 Malichi 1959, m'bandakucha, apolisi ndi asilikali anazinga nyumba ya Dr Hastings Kamuzu Banda ku Limbe, n'kumutenga atavala zogonera, ndipo tsiku lomwelo ndege inakamutula ku Southern Rhodesia komwe anakamutsekera m'ndende ya Gwelo. Zaka zinayi zisanakwane, pa 1 Febuluwale 1963, munthu yemweyo anali nduna yaikulu ya boma lomwe linamumangalo. Kusukulu timaloweza masiku amenewa, koma kawirikawiri sitifunsa kuti boma lokhala ndi mfuti, ndege ndi asilikali obwereka kwa Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, linafooka bwanji msanga chonchi. Mmene ndimaonera, mphamvu za bomalo zinali zitatha kale kumidzi, ndipo Angerezi atazindikira zimenezi anafunafuna munthu mmodzi woti amusiyire zonse, zipangizo zolamulira zili zosaphwasula.

Ambiri timaliyesa chimphona boma la atsamunda, pamene linali laling'ono zedi. Pamwamba panali bwanamkubwa ku Zomba ndi alembi ake, pansi pake mabwana atatu oyang'anira zigawo, kenaka bwana DC pa boma lililonse. DC ankakhala ndi womuthandiza mmodzi kapena awiri, akalaliki, amesenjala ndi apolisi owerengeka. Azungu onse m'dziko muno, kuwerengera amishoni, eni minda ya tiyi ndi ana awo omwe, sankakwana 10,000 pakati pa anthu akuda pafupifupi 3 miliyoni. Ntchito yeniyeni yolamulira inali m'manja mwa mafumu. Kuyambira 1933 mafumu akuluakulu anapatsidwa udindo wa Native Authority: ankaweruza milandu m'mabwalo awo, ankatolera msonkho kudzera mwa anyakwawa, ndiponso ankafalitsa malamulo ochokera ku boma. DC akanyamuka ulendo woyendera dera, amtengatenga ali patsogolo ndi tenti yake, ankafikira kwa mfumu, kuona kaundula wa msonkho, kumva madandaulo, n'kupitirira. Dongosolo lotere limayenda pokhapokha nyakwawa akumveredwa ndi anthu ake. Mudzi ukangosiya kumvera nyakwawa, DC analibenso dzanja lina logwirira mudziwo kupatula mfuti.

Chimene chinayamba kudanitsa mafumu ndi anthu awo ndi malimidwe. Nkhondo yachiwiri itatha, akatswiri a zaulimi a boma anachita mantha ndi kukokoloka kwa nthaka, ndipo galu wakuda wa 1949 kuchigawo cha kummwera anawalimbitsa mtima kuti anthu akuda sangasiyidwe azilima mmene afunira. Nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby malamulo anakhwima. Mlangizi ankafika m'munda ndi chingwe ndi zikhomo, n'kukhoma mzere wopingasa chitunda, n'kulamula kuti apa pakumbidwe mgula ndipo mizere yonse itsate pamenepo. Matutu amene anthu anazolowera kubzalapo analetsedwa. Panali tsiku loti munda ukhale utagalauzidwa, panalinso tsiku loti mitengo ya thonje ndi ya fodya ikhale itazulidwa n'kutenthedwa. Kukumba mgula mu Okutobala, nthaka ili gwa, si masewera, ndipo m'midzi yambiri amuna anali ku Joni ndi ku Halale, choncho khasulo ankagwira ndi amayi. Wolephera ankatengeredwa kubwalo la mfumu kukalipa faindi kapena kukaseweza, mwinanso mbewu zake zinkazulidwa iye akuona. Ku Chigwa cha Shire, komwe malo ambiri ndi athyathyathya ndipo mizere inalibe phindu looneka, anthu anaitcha nkhondo ya mitumbira.

Sikuti zonse zimene alangizi ankanena zinali zabodza. Lero tonse timalima pamizere popanda wotilondalonda. Cholakwika chinali chakuti woweruza mlandu wa mgula anali mfumu, amene anthu ankayembekezera kuti aziwatchinjiriza. Mfumu yokhwimitsa lamulo inkadedwa ndi anthu ake, yolekerera inkaopsezedwa ndi DC kuti ailanda ufumu. Mafumu anagwira njakata.

Kumapiri a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kunalinso thangata, pomwe mabanja okhala m'minda ya azungu ankalipira malo ndi thukuta lawo. Mu Ogasiti 1953 mkangano wa malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza unabutsa zipolowe zomwe zinafalikira m'maboma angapo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Boma linayankha ndi manja awiri: linapitiriza kugula malo ena kwa eni maesiteti kuti likhazikepo anthu, komanso mu 1954 linakhazikitsa Police Mobile Force n'kukulitsa Special Branch, nthambi ya apolisi yofufuza zandale.

M'chaka chomwecho cha 1953 ndi mmene munabwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Azungu a ku Salisbury, likulu la Southern Rhodesia, chimene ankafuna kwenikweni ndi mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Nyasaland anaitenga chifukwa London inaumirira, pofuna kuti katundu wa dziko losaukali asenzeko ena. Anthu a kuno sanafunike wowafotokozera kuti Southern Rhodesia ndi dziko lotani. Anali atagwirako ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini, anali atayendako ndi chitupa m'thumba, anali ataona nthaka yabwino itapatulidwira azungu. Mafumu anatumiza nthumwi ku London kukadandaula kwa Mfumukazi koma sanaloledwe kuonana nayo. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe posonyeza kukana chitaganya, boma linaichotsa pampando, ndipo inamwalira chaka chotsatira. Apa mukuona kuti mgula ndi chitaganya zinalowa m'thumba limodzi kuyambira pachiyambi.

Chitaganya chinagawa boma pawiri. Zipatala, asilikali, positi, kasitomu, njanji ndi sukulu za ana a azungu ndi amwenye zinapita m'manja mwa Salisbury. Apolisi, ma DC, mafumu, malo, ulimi ndi maphunziro a anthu akuda zinatsala ku Zomba. Pa msonkho wa ndalama zopeza umene unkatoleredwa m'maiko atatuwo, Nyasaland inkalandira 6 pa 100 iliyonse. Ndalama zinabweradi, misewu ina inamangidwa, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa mu 1958, ndipo oikira kumbuyo chitaganya ankaloza zimenezi tsiku ndi tsiku. Koma ndalama zazikulu za magetsi zinapita ku Kariba, Nkula n'kudikira mpaka ufulu utabwera. Chachikulu n'chakuti anthu sankakangana za ndalama. DC, amene kwa zaka zambiri ankadzitcha mtetezi wa anthu akuda m'dzina la Mfumukazi, tsopano ndiye ankatumidwa kukanyengerera mafumu kuti avomere chinthu chimene mudzi wonse unkadana nacho. Chikhulupiriro chochepa chomwe chinalipo chinathera pamenepo.

Chipani cha Nyasaland African Congress, chomwe chinayamba mu 1944, chinali chofooka chitaganya chitangokhazikika, koma mu 1956 boma linapereka mipando 5 kwa anthu akuda m'nyumba ya malamulo, azungu ndi amwenye osakhala a boma ali ndi 6. Mwa olowawo munali anyamata awiri ophunzira, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, omwe anayamba kufunsa mafunso opanda mantha, moti mabuku a zokambirana za m'nyumbamo ankagulidwa ndi kuwerengedwa mokweza. Nthawi inali yothina, chifukwa mu 1960 kunayenera kukhala msonkhano wounikanso chitaganya, ndipo Welensky ankafuna kuti chipatsidwe ufulu wodzilamulira. Zikanatero, London ikanachotsa dzanja lake ndipo khomo likanatsekeka. Anyamatawo anadziwa kuti akuluakulu a kumudzi sangatsate munthu wa zaka 30. Anafuna bambo wa imvi, dokotala, wodziwa Angerezi kwawo, ndipo anagwirizana kuti amukweze pamaso pa anthu ngati mpulumutsi. Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo mu Ogasiti ku Nkhata Bay anasankhidwa kukhala mtsogoleri, n'kupatsidwa mphamvu yodzisankhira yekha komiti.

M'miyezi yochepa nthambi za Congress zinamera paliponse. Banda ankalankhula Chingerezi, womasulira ali pambali, kutukwana chitaganya chopusa, anthu akufuula kuti kwacha. Kumidzi uthengawo unkamveka kuti migula yatha. Pa 25 Januwale 1959 nthumwi za chipani zinachita msonkhano wa kutchire kufupi ndi Limbe, Banda palibe. Akazitape a Special Branch, ena a iwo osakhalapo n'komwe pamsonkhanowo, anabweretsa mphekesera yoti kwapanganidwa kupha bwanamkubwa, ma DC, azungu, amwenye ndi anthu akuda okhulupirika ku boma. Bwanamkubwa Robert Armitage, amene anabwera kuno atachoka ku Cyprus zinthu zitamuvuta, anaitanitsa asilikali a chitaganya. Kumpoto kunali kutawira kale, anthu atatseka bwalo la ndege la Fort Hill, komwe lero timati Chitipa. Pa 3 Malichi analengeza kuti dziko lili pangozi, Congress yaletsedwa, ndipo kumanga kunayamba pansi pa dzina loti Operation Sunrise.

Ku Nkhata Bay omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa yomwe inaima padoko. Abale awo ndi anthu a m'midzi yozungulira anakhamukira kunyanja kukafuna kuti atsitsidwe. DC John Brock anali ndi kagulu kochepa ka asilikali achizungu a ku Rhodesia, ndipo omuthandiza amene ankawadikira anachedwa panjira. Analankhula ndi khamulo kwa nthawi yaitali osaphula kanthu, anawerenga lamulo lobalalitsa anthu, kenaka anapereka mphamvu kwa asilikali. Chiwerengero cha boma chinati anafa 20. A ku Nkhata Bay amatchula oposa pamenepo. M'dziko lonse anthu akuda 51 anaphedwa, mzungu sanafe ndi mmodzi yemwe. Pafupifupi 1,300 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ku Kanjedza, ku Khami ndi kwina, enanso oposa 2,000 anaweruzidwa kuti akaseweze. M'madera ena asilikali anatentha nyumba ndi kulanda nkhwangwa ndi zikwanje za mudzi wonse. Mai Rose Chibambo, mtsogoleri wa amayi a chipani, anawatengera kundende ali ndi khanda longobadwa kumene.

Boma la Britain la Harold Macmillan linatumiza woweruza Patrick Devlin ndi anzake atatu, likuyembekeza kuti alivomereza. Lipoti lawo la mu Julayi 1959 linavomereza kuti Armitage anayenera kuchitapo kanthu kapena kutula pansi ulamuliro, chifukwa nkhani za ziwawa zinakambidwadi kutchire kuja. Koma linati chiwembu chopha anthu mwadongosolo panalibe umboni wake, linati kudana ndi chitaganya kunali pafupifupi kwa aliyense osati kwa ophunzira ochepa, ndipo linati Nyasaland, ngakhale kwa kanthawi, yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Nduna za ku London zinakana mbali zowawazo, n'kuthandiza Armitage kulemba yankho lake mwachangu kuti zituluke tsiku limodzi. Komabe kuseri zinamva. Tsiku lomwelo la 3 Malichi, ku Kenya, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa pa kampu ya Hola, ndipo nkhani ziwirizi pamodzi zinasonyeza mtengo wolamulira ndi ndodo. Macmillan atapambana chisankho cha mu Okutobala anaika Iain Macleod kukhala nduna yoona za maiko a atsamunda, munthu amene anali atatsimikiza kale kuti kuchedwa n'koopsa kuposa kufulumira.

Kuno kumanga kuja kunabala zosiyana ndi zimene boma linkafuna. Orton Chirwa atamasulidwa anayambitsa Malawi Congress Party pa 30 Seputembala 1959, mlembi wake ali Aleke Banda, mnyamata wosakwana zaka 21 amene anathamangitsidwa ku Southern Rhodesia. Chipani chatsopanocho chinakula kuposa chakale. Aliyense wotuluka ku Kanjedza ankalandiridwa kwawo ngati ngwazi, ndipo mfumu imene inapereka maina kwa apolisi inatsala yokha. Macmillan atafika ku Blantyre mu Januwale 1960 anakumana ndi zionetsero pakhomo pa Ryall's Hotel, atolankhani a ku London akuonerera. Armitage ndi Welensky anachenjeza kuti Banda akamasulidwa magazi akhetsedwa. Macleod anaumirira, mpaka kuopseza kuti atula pansi udindo. Pa 1 Epulo 1960 Banda anamutengera ku Zomba, anakumana ndi Macleod, n'kulankhula pawailesi kupempha bata. Dziko linakhala chete. Angerezi anatolapo phunziro limene linatsogolera zonse zotsatira: munthu uyu akalankhula anthu amamva, pamene DC akalankhula samvanso.

Kuyambira pamenepo m'midzi munali maboma awiri, ndipo lamphamvu linali la chipani. Wapampando wa nthambi ankaposa nyakwawa. Wopanda khadi ankavutika kumsika, ndipo wokayikiridwa kuti ndi wa chitaganya ankatchedwa kapirikoni, mwina n'kumutenthera nyumba, monga zinachitikira Chester Katsonga amene anayambitsa Christian Democratic Party. Nthomba itabuka mu 1960, m'madera ena anthu anauzidwa kuti athawe katemera chifukwa zaumoyo zinali za chitaganya, ndipo amene analipira ndale zimenezo ndi ana. Pamsonkhano wa ku Nkhotakota chaka chomwecho Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipani wamuyaya. Boma linkaona zonsezi koma linkasankha pogwira. Chipembere linamumanga mu 1961 chifukwa cha mawu oputa ziwawa ndipo anakhala m'ndende mpaka Januwale 1963, Banda silinamukhudzenso.

Msonkhano wa ku Lancaster House wa mu 1960 unakonza chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961. Sikunali kuvota kwa aliyense. Panali kaundula wapamwamba wa anthu a chuma ndi maphunziro, wa mipando 8, ndi wapansi wa mipando 20, momwe munkalowa odziwa kulemba okhala ndi kangachepe kapena okhoma msonkho kwa zaka zambiri, anyakwawa ndi asilikali akale. Olembetsa onse anangopitirira pang'ono 100,000. Tambala wakuda anatenga mipando yonse 20 yapansi ndi 2 yapamwamba, United Federal Party ya Welensky inapeza 5, ndipo wotsalawo unapita kwa Colin Cameron, loya wa ku Scotland woima payekha mothandizidwa ndi MCP.

Apa ndi pamene Glyn Jones, amene analowa m'malo mwa Armitage mu 1961, anasonyeza luso lake, luso lomwe linali ndi mtengo wake. Papepala bwanamkubwa ndiye anali wolamula ndipo nduna zinali zomulangiza chabe. M'zochitika, Jones ankayamba wakambirana ndi Banda paokha, nkhani n'kufika ku khonsolo ya nduna itapsa kale. Unduna umene Banda anasankha ukunena zambiri: zachilengedwe ndi maboma aang'ono, ndiko kuti malimidwe ndi mafumu. Kukakamiza migula kunatha. Mu 1962 thangata linathetsedwa, bungwe logula mbewu linasinthidwa kukhala Farmers Marketing Board, ndipo Orton Chirwa anachotsa mabwalo a milandu m'manja mwa mafumu. Makhonsolo a m'maboma anayamba kusankhidwa ndi anthu, DC n'kutsala ngati mlangizi. Zimene zinkawawa anthu tsiku ndi tsiku zinachoka ufulu usanafike, ndipo ulemu wonse unapita kwa munthu mmodzi. Nduna zinzake Banda ankazitchula poyera kuti anyamata ake. Dunduzu Chisiza, yemwe anali atalemba kale za kuopsa kwa mtsogoleri wosatsutsika m'maiko ongolandira ufulu, anafa pangozi ya galimoto pa Thondwe mu Seputembala 1962.

Zotsalazo zinayenda mwaliwiro. Msonkhano wa ku Marlborough House mu Novembala 1962 unapereka ulamuliro wa zam'kati, mu Disembala R. A. Butler, nduna ya ku London yoona za chitaganya, analengeza kuti Nyasaland ituluka m'chitaganya, ndipo chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963. Chisankho cha mu Epulo 1964 sichinachitike n'komwe chifukwa oimira MCP onse 50 analibe opikisana nawo.

Chimene sichinafulumire ndi kusintha anthu a m'maofesi. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa cha mu 1940, Zomba Catholic inatsatira, ndipo ya boma yoyamba ku Dedza inabwera mu 1951. Ndi sukulu zochepa chonchi, omaliza yunivesite anali makumi ochepa okha. Alembi akuluakulu a maunduna, akuluakulu a polisi, a Special Branch ndi a asilikali anali azungu. Angerezi anakonza chipukutamisozi cha ofuna kupuma msanga, koma Banda anapempha ambiri kuti atsale, ponena kuti sangakweze munthu chifukwa cha khungu lokha. Mfundoyo inali ndi nzeru yake, komanso inkamukomera: mlembi wachizungu analibe mudzi, analibe omutsata, sakanamulanda mpando. Thumba la boma nalo linkadalira thandizo la London kuti malipiro akwane, makamaka zipatala ndi positi zitabwerera ku Zomba. Malamulo a chitetezo olola boma kutsekera munthu ndi kuletsa misonkhano sanafafanizidwe m'mabuku.

Mbendera inatsika ku Blantyre usiku wolowera pa 6 Julayi 1964, Prince Philip alipo, ndipo Glyn Jones anatsala monga woimira Mfumukazi. Patangotha milungu yochepa Cameron anatula pansi unduna pokana ganizo lobwezeretsa kutsekera anthu popanda mlandu. Kumapeto kwa Ogasiti nduna zinamuunjikira Banda madandaulo: tiki yolipira kuchipatala, lipoti la Skinner limene linakhumudwitsa ogwira ntchito m'boma achikuda pa nkhani ya malipiro, kuchedwa kukweza Amalawi, ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi kukana kwake China ya ku Peking. Jones anayesa kuyanjanitsa koma sizinatheke. Pa 7 Seputembala Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, Chipembere naye anachita chimodzimodzi atabwera kuchokera ku Canada. Akalaliki ambiri achikuda ku Zomba anaima ndi ndunazo, pamene mabwana awo achizungu, apolisi ndi asilikali anaima ndi nduna yaikulu. Chipembere ataukira kuchokera ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi, mu Febuluwale 1965, n'kubwerera pa doko la Liwonde, asilikali amene anatumidwa kukamusaka ankatsogoleredwa ndi maofesala achingerezi. Jones anachoka mu 1966 dziko litakhala lipabuliki, koma mkulu wa ogwira ntchito m'boma anakhalabe Mngerezi, Bryan Roberts, mpaka 1972, chaka chomwe Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamula gulu la asilikali.